Kukhala notary ku America: mmene boma limabwereketsera munthu wamba chidindo chake

Usiku wa pa 2 Ogasiti 1923, Pulezidenti wa America, Warren Harding, adamwalira mwadzidzidzi ku San Francisco. Wachiwiri wake, Calvin Coolidge, adali patchuthi kwawo ku Plymouth Notch m'chigawo cha Vermont, m'nyumba ya bambo ake yopanda magetsi ngakhale lamya. Uthenga udachita kubwera ndi munthu pakati pa usiku. Woweruza padalibe pafupi. Koma bambo ake a Coolidge, mlimi wa m'mudzimo, adali notary, munthu woikidwa ndi boma kuti azichitira umboni masiginecha ndi malumbiro. Nthawi itakwana 2:47 m'bandakucha wa pa 3 Ogasiti, powala nyali ya palafini, bambo adalumbiritsa mwana wawo kukhala mtsogoleri wa dziko. Patapita masiku, akuluakulu a zamalamulo ku Washington adayamba kukayika ngati notary wa chigawo chimodzi angalumbiritse mtsogoleri wa dziko lonse, ndipo Coolidge adalumbiranso mwakachetechete pamaso pa woweruza.

Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa muli zonse ziwiri. Notary wa ku America ndi munthu wamba, kaya mlimi, kalaliki wa kubanki kapena mayi wogulitsa inshuwalansi, koma chimene wachitira umboni boma limachitenga ngati lachiona ndi maso ake. Komanso mphamvu zakezo zili ndi malire, ndipo malirewo ali pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira.

Ntchito yeniyeniyo ndi yochepa. Munthu amabwera ndi chikalata. Notary amatsimikiza kuti munthuyo ndi mwini wake wa dzina lolembedwa pamenepo, amaona ngati akusaina mwa kufuna kwake ndiponso akudziwa chimene akuchita, kenako amalemba mawu a umboni, kusaina ndi kudinda. Zoti zolembedwa m'chikalatamo ndi zoona kapena zabodza, iye sizimukhudza. Ku California, kuyambira mu 2015, pamwamba pa mawu a umboniwo pamayenera kukhala kabokosi konena zimenezi mosapsatira: kuti notary watsimikiza za munthu amene wasaina basi, osati za choonadi kapena mphamvu ya chikalatacho. Kabokosiko kadabwera chifukwa anthu ankadinditsa mapepala achinyengo n'kumakawaonetsa kwa anzawo ngati kuti boma lawavomereza.

Dzina limodzi, maudindo osiyana

Mawu akuti notary adachokera ku Roma wakale, kumene kudali alembi odziwa kulemba mothamanga ndi tizizindikiro totchedwa notae. Wotchuka mwa iwo ndi Tiro, kapolo wa wandale wotchuka Cicero, amene pambuyo pake adamasulidwa ku ukapolowo. M'kupita kwa zaka ntchitoyi idagawanika. Ku France, Germany, Italy, Spain ndi maiko a ku Latin America, notary ndi katswiri wa malamulo amene amalemba yekha chikalata, kulangiza mbali zonse ziwiri ndi kusunga chikalata choyambiriracho. Ku France amaikidwa ndi nduna ya zachilungamo, pa maziko a lamulo la mu 1803. Ku Germany ayenera kukhala ndi maphunziro ofanana ndi a woweruza. Ku England ndi Wales alipo osakwana chikwi, ambiri mwa iwo maloya, ndipo mpaka lero amaikidwa kudzera mu ofesi ya Akibishopu wa ku Canterbury, chifukwa mu 1533, Mfumu Henry VIII itasemphana ndi Papa, mphamvu zoika manotary zidachotsedwa ku Roma n'kupatsidwa kwa akibishopuyo.

America adatenga njira yake. Kumeneko manotary alipo oposa mamiliyoni anayi, ndipo ambiri sadapondeko sukulu ya zamalamulo. Woyamba amene mbiri imamutchula ndi Thomas Fugill, amene adaikidwa ku New Haven mu 1639. Patangopita zaka zochepa adachotsedwa paudindo atapezeka kuti adasintha zolembedwa za malo kuti adziwonjezere gawo. Ntchitoyi idayamba ndi chitsanzo cha chimene imayenera kuletsa.

Kusiyana kumeneku kwalowetsa anthu ambiri m'madzi. Munthu wochokera ku Mexico kapena ku Guatemala akaona chikwangwani cholembedwa kuti notario público, amaganiza kuti wapeza loya wamkulu, chifukwa kwawo mawuwo amatanthauza zimenezo. Amapereka ndalama zake kuti amuthandize nkhani ya chilolezo chokhalira m'dziko, osadziwa kuti amene wakhala kuseri kwa tebuloyo adangophunzira maola ochepa. N'chifukwa chake California ndi Texas amaletsa notary amene si loya kudzitchula dzina la Chisipanishi limenelo. Pali malo awiri amene ali pafupi kwambiri ndi dongosolo la ku Ulaya. Ku Louisiana, kumene malamulo adatengera a ku France ndi Spain, notary amatha kulemba zikalata zina monga wilo, mayeso ake ndi ovuta kwabasi, ndipo udindowo ndi wa moyo wonse. Ku Puerto Rico, notary ayenera kukhala loya.

Amene amapereka udindo

Boma la ku Washington siliika manotary. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, ndipo kalata ya udindo, imene iwo amati commission, imachokera ku chigawocho. M'zigawo zambiri amapereka ndi mkulu wotchedwa Secretary of State. Musamusokoneze ndi nduna yoona za ubale ndi maiko ena, imene dzina la udindo wake ndi lomwelo. Uyu ndi wosunga kaundula wa chigawo. Ku Florida amaika ndi bwanamkubwa. Ku Georgia mumapita kwa kalaliki wa khoti la kaunti yanu, kutanthauza dera laling'ono la m'chigawo limene mumakhala. Ku South Carolina muyenera kukhala wolembetsa m'kaundula wa zisankho, ndipo fomu yanu imadzera kwa aphungu a dera lanu. Choncho munthu akakuuzani kuti "ku America amatere", mufunseni kuti ku America kwake kuti.

Pali zochepa zimene zimafanana pafupifupi kulikonse: kukwanitsa zaka 18, kukhala kapena kugwira ntchito m'chigawocho, ndi kusakhala ndi mbiri ya mlandu waukulu, makamaka wa chinyengo. M'zigawo zambiri kukhala nzika sikofunika, ngakhale kuti kale zina zinkafuna. Efrem Bernal, wochokera ku Mexico, ankakhala ku Texas movomerezeka ndipo ankathandiza anthu ogwira ntchito m'minda pa nkhani zamalamulo. Adafuna udindo wa notary kuti azilumbiritsa yekha anthu amene ankawathandiza, koma adamukaniza chifukwa sadali nzika. Mu 1984 Khoti Lalikulu la dzikolo lidagamula kuti Texas idalakwa. Maganizo a khotilo, amene adalemba ndi woweruza Thurgood Marshall, adali oti notary sapanga mfundo za boma ndipo salamulira anthu, kotero palibe chifukwa chotsekera kunja munthu amene si nzika.

Kuti tione njira yonse, titenge California, chifukwa ndi chimodzi mwa zigawo zokhwimitsa zinthu. Mumayamba ndi maphunziro a maola 6 kwa mphunzitsi wovomerezedwa ndi boma. Mukatero mumakalemba mayeso, mutatenga fomu yanu, chithunzi ndi madola 40, ndipo muyenera kupeza malikisi osachepera 70. Mukakhoza, amakutengani zidindo za zala n'kuzitumiza ku dipatimenti ya zachilungamo ya chigawocho ndi ku FBI, apolisi ofufuza milandu a dziko lonse. Apa ndi pamene ambiri amagwa, osati chifukwa cha kukula kwa mlandu umene adapalamula kale, koma chifukwa chobisa. Fomu imafunsa za mlandu uliwonse umene khoti lidakupezani wolakwa, ngakhale wa zaka makumi awiri zapitazo. Wina amaganiza kuti kamlandu ka paunyamata kadaiwalika, n'kulemba kuti alibe. Makompyuta a boma saiwala, ndipo munthu amene wanama pa fomu yopempha udindo wochitira umboni wadziweruza yekha.

Zigawo zina n'zofewa. Florida imafuna maphunziro a maola 3 ndi madola 39, popanda mayeso a boma onga a ku California. New York imafuna mayeso, koma maloya a m'chigawocho salemba. Zilipo zina kumene mumangodzaza fomu, kulipira, n'kudikira kalata. Ine ndimaona kuti kufewa kumeneku n'kumene kumapusitsa anthu. Chinthu chimene wachipeza pa mtengo wa nsapato, sungaganize kuti chingakulanditse nyumba.

Chikole chimene sichiteteza mwini wake

Kalata ya udindo ikafika, simunayambebe ntchito. M'zigawo zambiri muyenera kugula bondi: madola 15,000 ku California, 7,500 ku Florida, pamene New York safuna n'komwe. Simupereka ndalama zonsezo ayi. Mumalipira kampani ya inshuwalansi madola makumi angapo, ndipo iyo imalonjeza boma kuti munthu akadzavulazidwa ndi kulakwa kwanu, idzamulipira mpaka pa mlingo umenewo.

Apa ndi pamene notary watsopano amasokonezeka, poganiza kuti wagula chitetezo. Bondi ndi chikole choikira anthu amene mudzawatumikire. Kampani ikalipira wodandaula madola 15,000, imatembenuka n'kudzakulipiritsani inuyo ndalama zonsezo. Ndipo ngati munthuyo adataya nyumba ya madola 400,000 chifukwa mudadinda siginecha yabodza, bondi siitseka mlandu: zotsalazo angazifune kwa inu kukhoti. Chimene chimateteza notary ndi inshuwalansi ina yapadera, yolipira zolakwa zosachita dala, imene amaitchula mwachidule kuti E&O. M'zigawo zambiri lamulo siliikakamiza, choncho ambiri amaidumpha. Ngakhale iyoyo siilipira ngati mudachita chinyengo mukudziwa.

Kenako pamabwera lumbiro. Mumalumbira kuti mudzatsata malamulo aakulu a dziko ndi a chigawo, ndipo mudzagwira ntchito mokhulupirika. Lumbiro laling'ono limeneli lidafikapo ku Khoti Lalikulu. Roy Torcaso adaikidwa kukhala notary ku Maryland, koma adakana kunena kuti amakhulupirira Mulungu, monga mmene malamulo a chigawocho ankafunira kwa aliyense wolandira udindo wa boma. Adamumana kalata yake. Mu 1961 oweruza onse adagwirizana kuti boma silingayese chikhulupiriro cha munthu pomupatsa udindo. Mpaka lero notary naye ayenera kulola amene safuna kutchula Mulungu kuti angolonjeza pa ulemu wake, ndipo lonjezolo limamanga chimodzimodzi ndi lumbiro.

Ku California lumbiro ndi bondi ziyenera kukafika kwa kalaliki wa kaunti pasanathe masiku 30 kuchokera pa tsiku loyambira lolembedwa pa kalata yanu. Masikuwo amawerenga ndi Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo saonjezera ngakhale mutadwala. Zengerezu adalinda kwawukwawu: mukaphonya, udindowo wafa usadayambe, ndipo muyenera kupemphanso. Mukadutsa pamenepa ndiye mumakagula chidindo kwa wopanga wovomerezeka, chokhala ndi dzina lanu, nambala ya udindo, kaunti ndi tsiku limene udindowo udzathe. M'zigawo zambiri ndi zaka 4, ku Indiana 8, ku South Carolina 10.

Pamaso panga

M'mawu a umboni amene notary amasaina muli mawu awiri amene ntchito yonse yatsamirapo: akuti munthuyo adaonekera pamaso panga. Zina zonse, maphunziro, mayeso, bondi, zimangozungulira pamenepo.

Mitundu ya umboni imene imachitika tsiku ndi tsiku ndi iwiri. Woyamba ndi wovomereza siginecha, umene amati acknowledgment. Munthu angathe kusainira kunyumba, koma ayenera kubwera yekha kudzanena kuti siginechayo ndi yake ndipo adasaina mwa kufuna kwake. Umagwiritsidwa ntchito pa zikalata zogulitsira nyumba ndi zopatsa wina mphamvu zoyendetsa chuma chako. Wachiwiri ndi wa lumbiro, umene amati jurat. Apa munthu amasaina notary akuona, ndipo amalumbira mokweza kuti zolembedwazo ndi zoona. Zikapezeka zabodza, mlandu wa kulumbira monama ndi wake. Notary amene si loya saloledwa kusankhira munthu mtundu wa umboni. Kungonena kuti "inu mukufunika uwu" kumatengedwa ngati kupereka uphungu wa zamalamulo popanda chilolezo. Amangofotokoza kusiyana kwake, mwini chikalata n'kusankha, kapena kukafunsa kumene chikalatacho chikupita.

Tsono tiyerekeze kuti mwakhala mu ofesi yanu, n'kulowa mayi wooneka wotopa, atanyamula envelopu. M'katimo muli chikalata chowapatsa mphamvu pa akaunti za bambo awo, chosainidwa kale, pamodzi ndi chitupa cha bambowo.

"Bambo anga ali gone, sangathe kuyenda. Asaina m'mawa uno ine ndikuona. Chitupa chawo ndi ichi. Ngati mukukayika, ndiwaimbire foni mulankhule nawo."

Mwina zonsezi ndi zoona. Kawirikawiri zimakhala zoona. Koma yankho ndi limodzi: "Pepani mayi, sindingadinde bambo ndisanawaone. Ngati mungalole, ndipite nanu kunyumbako."

Mukafika kunyumbako, ntchito yeniyeni ndiye yayamba. Mumayang'ana chitupa, ngati sichidathe mphamvu, ngati nkhope ndi yomweyo, ngati siginecha ikufanana. Kenako mumapempha achibale kuti abatuluka pang'ono. Simufunsa kuti, "Bambo, mukufuna kupatsa mwana wanu mphamvu, eti?" chifukwa munthu wofooka amangogwedeza mutu pa chilichonse. Mumafunsa kuti, "Bambo, pepala ili ndi la chiyani?" n'kukhala chete. Akayankha kuti akufuna mwana wawo azikawatapira ndalama ndi kulipira mabilu, mumapitiriza. Akayang'ana kukhomo kufunafuna woti awayankhire, kapena akanena kuti ndi pepala la kuchipatala, mumatseka kaundula wanu n'kutsanzika mwaulemu. Notary si dokotala, sayeza ubongo wa munthu. Koma lamulo limamulola kukana akaona kuti wosainayo sakudziwa chimene akuchita kapena akukakamizidwa. Achibale adzakwiya, ndipo ena adzati mwawatayitsa nthawi. Zimenezo n'zopiririka.

Chiyeso chovuta kuposa ichi sichichokera kwa mlendo ayi, koma kwa bwana. Manotary ambiri adatenga udindowu chifukwa kuntchito adawauza kutero, ndipo kampani ndi imene idalipira zonse. Tsiku lina bwana amaika pepala patebulo: "Akazi anga asaina kale, mukuwadziwa, tangodindani." Kapena akuti mulembe deti la dzulo, poti lero nthawi yadutsa. Munthu amene amakulipira mwezi ndi mwezi n'kovuta kumukanira. Koma chifundo chidapha nkhwali. Banja likadzatha, mkaziyo n'kunena kukhoti kuti sadasainepo chikalata chopinyolitsa nyumba, dzina limene lidzawerengedwe pa chidindo si la bwana. Ku California, kulephera kutsimikiza bwino munthu pa umboni wa siginecha kungakulipitseni chindapusa chofika madola 10,000, osawerengera kulandidwa udindo ndi mlandu wa kupolisi. N'chifukwa chake malamulo a kumeneko amati chidindo ndi kaundula ndi za notary mwini wake ngakhale adagula ndi abwana, ndipo akachoka ntchito amapita nazo.

Zimene zimachitika anthu akazolowera kudinda osaona zidaonekera poyera mu 2010. Chuma chitasokonekera ku America, mabanki ankalanda nyumba zambirimbiri za anthu olephera kubweza ngongole. Kudadziwika kuti antchito ena ankasaina zikalata za lumbiro zikwizikwi pa mwezi osaziwerenga, ndipo manotary ankazidinda mulu ndi mulu osainawo palibe. Mabanki angapo adaimitsa kaye kulanda nyumba, ndipo mu 2012 mabanki akuluakulu asanu adagwirizana ndi boma pamodzi ndi zigawo 49 kupereka madola 25 biliyoni pothetsa milandu yokhudza kayendetsedwe ka ngongolezo.

Kaundula

Si zigawo zonse zimene zimakakamiza notary kusunga kaundula, koma amene sasunga akudziika yekha pa mpeni. M'kaundulamo mumalembedwa deti, nthawi, mtundu wa chikalata, chitupa chimene mwaona, ndalama zimene mwalandira ndi siginecha ya munthuyo. California imaonjeza chidindo cha chala chachikulu pa zikalata za malo ndi zopereka mphamvu. Wakuba angabere siginecha, koma kusiya chala chake m'buku la munthu wina sakonda. New York idayamba kukakamiza kaundula mu 2023, ndipo amayenera kusungidwa zaka 10. Mlandu suola. Loya akadzakufunsani za munthu amene adakhala patsogolo panu kwa mphindi zisanu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, nkhope yake simudzaikumbukira, koma tsamba lidzayankha.

Kaundula amathandizanso potsimikiza chimene simudachite. Mu Meyi 2024 kudatsala pang'ono kuti Graceland, nyumba ya malemu Elvis Presley, woimba wotchuka, ku Memphis, igulitsidwe pa okushoni. Kampani ina yosadziwika idati mwana wa Elvis, Lisa Marie Presley, amene adamwalira mu 2023, adakongola madola 3.8 miliyoni n'kuika nyumbayo ngati chikole. Pa zikalatazo padali dzina ndi chidindo cha notary wa ku Florida. Notary uja adalemba chikalata cha lumbiro kuti mayiyo sadakumanepo naye ndipo sadamudindirepo kanthu. Padapezekanso kachinthu kena: zikalatazo zidali ndi deti la mu 2018, koma mawu a umboniwo ankatchula za kudinda kudzera pa intaneti, kumene Florida idayamba kulola mu 2020. Woweruza adaimitsa malondawo, ndipo mu 2025 mayi wina wa ku Missouri adavomera mlandu wa chinyengo.

Kudinda kwa pa intanetiko kudayambira ku Virginia mu 2012, ndipo mliri wa Covid-19 utabwera zigawo zambiri zidathamangira kukuvomereza. Lero n'kololedwa m'zigawo zoposa 40. Notary ndi wosaina amaonana pa vidiyo, makina amayeza chitupa, wosainayo amayankha mafunso okhudza mbiri yake m'mphindi zochepa, ndipo zonse zimajambulidwa n'kusungidwa. Nthawi zambiri notary amafunika kulembetsa mwapadera kuti azichita zimenezi. Pa kusunga umboni, njirayi imaposa pepala. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti kamera imangoonetsa kumene yaloza. Mwana amene waima kuseri kwa kompyuta, akuyang'anitsitsa bambo ake, simungamuone, ndipo simungamuuze kuti abatuluka.

Ndalama ndi malire

Amene akuganiza zolemera ndi chidindo adziwe kuti mitengo amaika ndi boma. Ku California simungapitirire madola 15 pa siginecha, ku Florida madola 10, ku New York madola 2 okha. Amene amapezapo kanthu ndi oyenda, chifukwa ndalama ya ulendo amalipiritsa padera, ndiponso amene amanyamula zikalata za ngongole za nyumba kukasainitsa anthu kwawo. Ntchito yachiwiriyi imafuna maphunziro ena ndi kufufuzidwa mbiri kawirikawiri, ndipo imakwera ndi kutsika potsata chiwongoladzanja: chikatsika, anthu amathamangira kukonzanso ngongole zawo ndipo foni siikhala chete; chikakwera, zii. Zigawo zina, monga Georgia, South Carolina ndi Massachusetts, zimafuna kuti loya ndiye atsogolere kusainirana kwa nyumba. Ku Florida ndi South Carolina notary amathanso kumangitsa ukwati.

Mphamvu za notary zimathera pa malire a chigawo chake. Wa ku Nevada akaoloka kulowa California, chidindo chake ndi labala chabe, ngakhale kuti chikalata chimene wadinda ali kwawo chimalandiridwa m'zigawo zina zonse. Chikalata chikamapita kunja kwa dziko, chimadzera kaye ku ofesi ya chigawo kuti aikepo chiphaso chotchedwa apostille, chotsimikiza kuti notary ameneyo ndi weniweni ndipo udindo wake udali wamoyo pa tsikulo. Dongosolo limeneli lidachokera pa pangano la ku The Hague la mu 1961, limene America adalowamo mu 1981. Notary sadinda siginecha yake, kapena chikalata chimene iye apindulapo. Za achibale, zigawo zimasiyana: Florida imaletsa kudindira mkazi kapena mwamuna wako, makolo ndi ana, pamene zina zimangochenjeza. Sangakane munthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo. Ndipo kutsimikiza kope ya chiphaso cha kubadwa kapena cha imfa si ntchito yake. Imeneyo ndi ya ofesi imene idachipereka.

Zaka zinayi zimatha msanga. Ku California, wofuna kupitiriza amachitanso maphunziro, a maola 3 ngati udindo wake sudathe, n'kulembanso mayeso, kutengedwanso zala ndi kugula bondi yatsopano. Mukasamuka, muyenera kudziwitsa boma pasanathe masiku 30. Chidindo chikasowa, mumanena nthawi yomweyo. Amene wasankha kusiya, kapena udindo wake watha osaukonzanso, amakapereka makaundula ake onse kwa kalaliki wa kaunti pasanathe masiku 30, ndipo akamwalira, amene akuyang'anira chuma chamasiye ndiye amakapereka. Chidindo chokha sachibweza kwa wina aliyense. Amamatula labala wake, n'kumudula ndi sizasi mpaka dzina ndi nambala zisawerengeke, kenako zidutswazo n'kuzitaya.